Wosewera akachoka, kochi akachotsedwa, sapota n'kutsala: kukhulupirika mu mpira n'chiyani?

Pa 11 Meyi 2025 Liverpool inkasewera ndi Arsenal pabwalo la Anfield, ligi itaitenga kale. M'chigawo chachiwiri kochi analowetsa Trent Alexander-Arnold, mwana wobadwira mumzinda wa Liverpool momwemo, amene anayamba kuphunzira mpira kutimuyi ali ndi zaka 6. Atangoponda m'bwalo, masapota ena a timu yake yomwe anayamba kumukuwiza, ndipo akagwira mpira phokoso linkabukanso. Mlandu wake unali woti sabata yomweyo anali atalengeza kuti kontirakiti yake ikatha achoka. Aliyense ankadziwa kuti akulowera ku Real Madrid.

Ine ndinaonera masewerowo mu vidiyo sho ina pa Chitakale. Mpira unatha 2-2, koma anthu sanabalalike msanga ngakhale kunja kunkazizira. Bambo wina wachikulire, wovala jezi yofiira yofwifwa kale, ankati mwana woleredwa pakhomo sachoka choncho. Mnyamata wina wa kabaza anawayankha mwaulemu ndithu: "Madala, inu munagwirako ntchito kuesiteti. Esiteti ina ikanakuitanani ndi malipiro owirikiza, mukanakana?" Bambowo anati mpira si tiyi. Mnyamatayo anati kwa wosewera, mpira ndiye tiyi wake.

Onse awiri ankatchula mawu amodzi, kukhulupirika, koma aliyense ankanena chinthu chake. Mkangano womwewu umabuka wosewera akawoloka kuchoka ku Bullets kupita ku Wanderers, kochi akachotsedwa atangoluza masewero atatu, kapena munthu wachuma akagula timu. Umavuta kutha chifukwa sapota, wosewera, kochi ndi mwini timu anamangiriridwa ku timu imodzi ndi zingwe zosiyana, ndipo aliyense amayeza anzake ndi chingwe chake.

Sapota sasaina pepala

Mwa anthu onse ozungulira timu, sapota yekha ndi amene alibe mgwirizano wolembedwa. Salipidwa. Ndi iye amene amalipira: pageti, kuvidiyo sho, pa bandulo ya intaneti, pa jezi ya pakaunjika. Palibenso amene angamuchotse ntchito.

Chikondi chimenechi chinabadwira m'malo ogwirira ntchito. Manchester United inayamba mu 1878 ngati timu ya ogwira ntchito kunjanji, dzina lake lili Newton Heath. Arsenal inayambitsidwa mu 1886 ndi ogwira ntchito pafakitale ya zida zankhondo ku Woolwich. Obwera kudzaonera anali abale awo ndi anzawo a kuntchito, monga zimakhalira kuno timu ya esiteti ina ikamakumana ndi ya esiteti inzake Loweruka masana. Osewera ndi oonerera anali anthu amodzi, ndipo kuchoka kutimu kunali ngati kusamuka pamudzi.

Ku Malawi kuno matimu ambiri anabadwiranso pantchito. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks, Moyale, Red Lions ndi MAFCO ndi za asilikali. Matimu awiri akuluakulu a ku Blantyre ndiwo anakula mosiyana. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo Bullets inabadwa mu 1967 osewera ena atagalukira Wanderers. Tinganene kuti mpikisano wa Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) unayamba ndi nkhani yomwe tikukambayi, ya osewera kuchoka. Mayina akhala akusintha malinga ndi amene akupereka ndalama: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, uko ku Wanderers nako Yamaha, Limbe Leaf, Telekom, Be Forward, Mukuru. Osewera onse a nthawi ya Bata anapachika nsapato kalekale, makochi abwera n'kupita, koma munthu wa pa Luchenza amene anayamba kumvera Bullets pa wailesi ya MBC ali mwana akadali Maule mpaka lero.

Nanga iye amakonda chiyani, poti zonse zinasintha? Amakonda mtundu wa jezi, dzina, ndi anthu amene anamvera nawo mpira: malume ake amene ankayanika mabatire padzuwa kuti wailesi isazime mpira uli mkati, anzake a kupulaimale amene ankaumba nawo mpira wa mapepala. N'chifukwa chake ndimafanizira timu ndi mfunda. Munthu sakhala Mbewe kapena Phiri atayamba wayerekezera ubwino wake, ndipo sataya mfunda chifukwa chaka chino pabanja pagwa njala.

Matimu a ku Ulaya analowa m'mitima mwathu kudzera pa kanema. Premier League inayamba mu 1992, ndipo setilaiti itafika m'mabala ndi m'mavidiyo sho a pa Limbuli, Nkando, Bvumbwe ndi Thyolo boma, anthu anasankha matimu a mizinda imene sanaipondepo. Ambiri anatsatira osewera a ku Africa kuno, Nwankwo Kanu atapita ku Arsenal mu 1999, Didier Drogba ku Chelsea mu 2004. Ena anatsatira amene ankawina pa nthawiyo. Pali amene amati chikondi chapatali chotere si chenicheni. Ine zimandivuta kuvomereza, chifukwa ndaonapo munthu akukanika kudya nsima Arsenal italuza. Koma kusiyana kulipo ndithu. Sapota wa pa Anfield amaona Trent ngati mwana wa mnansi wake, pomwe wa pa Chitakale amamuona ngati katswiri wa pakanema, ndiye kupweteka kwake sikungafanane.

Palinso mitundu ya usapota imene timanyozerana nayo. Waganyu ndi uja amachemerera timu iliyonse imene ikusewera ndi mdani wake, ngati wolima tsiku limodzi m'munda wa eni. Pali wotsatira munthu, amene anali wa Barcelona chifukwa cha Lionel Messi, n'kusamuka naye kupita ku Paris mu 2021, kenako ku Miami mu 2023. Pali wobetcha, amene mtima uli ku timu ina pomwe tikiti ili ku ina. Ndipo ife a ku Mulanje tinakumana ndi mayeso athuathu mu 2024, FOMO itakwera mu ligi yaikulu. Maule kapena Manoma akamakumana ndi ana a kwathu, uchemerere ndani? Ena anati kwathu n'kwathu. Ena anati sangasiye timu imene aikonda kwa zaka makumi atatu chifukwa cha timu yongofika kumene. Onsewa ankadzitcha okhulupirika.

"Kugula wosewera": chimene chimagulidwa n'chiyani?

Mawuwa amasokoneza. Palibe timu imene imagula munthu. Chimene chimalipiridwa ndi nthawi yotsala pa kontirakiti.

Tiyerekeze kuti mwabwereka munda wa nanazi kwa zaka zitatu, mwasainirana pamaso pa amfumu. Patatha chaka, munthu wina waufuna mundawo. Sangangolowa ndi khasu. Ayenera kukupepesani ndi ndalama kuti muusiye nthawi isanakwane, ndipo mwini munda nayenso ayenera kuvomera. Mu mpira, wobwereka uja ndi timu, ndipo mwini munda ndi wosewera, poti miyendo ndi yake. Zaka zitatu zija zikatha, munda umabwerera kwa mwini wake ndipo akhoza kubwereka amene wamufuna.

Kale sizinali choncho. Kuyambira mu 1893 ku England kunali lamulo loti wosewera akalembetsedwa ku timu, sangasewere kwina popanda chilolezo cha timuyo, ngakhale kontirakiti itatha. Panalinso malire a malipiro: mpaka mu 1961 wosewera sankaloledwa kulandira zoposa mapaundi 20 pa sabata. Osewera ankakhalitsa pa timu imodzi ndipo ankatamandidwa kuti ndi okhulupirika, koma ambiri mwa iwo analibe kolowera. George Eastham, amene Newcastle inkamukaniza kupita ku Arsenal, anatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu 1963 woweruza anati kutsekereza munthu motero n'kosayenera.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi Jean-Marc Bosman, wosewera wa ku Belgium amene sanali wotchuka n'komwe. Kontirakiti yake ku RFC Liège inatha mu 1990. Timu ya Dunkerque ya ku France inamufuna, koma ulendowo unalephereka pa nkhani ya ndalama zimene Liège inkafuna, ndipo malipiro ake anadulidwa kwambiri. Analimbana m'makhoti zaka zisanu. Pa 15 Disembala 1995 khoti la European Union linagamula kuti wosewera amene kontirakiti yake yatha ali ndi ufulu wopita ku timu ya dziko lina la m'bungwelo popanda timu yakale kulipidwa kalikonse. Mfundoyi inafalikira dziko lonse. Lero malamulo a FIFA amati kontirakiti isapitirire zaka 5, kapena zitatu kwa mwana wosakwana zaka 18. Ikatsala ndi miyezi 6, wosewera akhoza kusainirana ndi timu ina. Ndipo osewera amalembetsedwa pa nyengo ziwiri zokha pachaka, zija timati msika watsegulidwa.

Chotsatira chake n'choti mtengo wa wosewera umatsika kontirakiti ikamayandikira kutha, ngati nthochi zakupsa pamsika wa Bvumbwe dzuwa likamalowa. Timu imayenera kusankha: kumuwonjezera kontirakiti, kumugulitsa kudakali nthawi, kapena kumutaya popanda kupezapo kanthu. Apa ndi pamene panagona mkwiyo wa ku Anfield. Okwiyawo ankati mwana woleredwa ndi timu zaka 20 akanayamba wasaina kaye, kuti akamachoka timu itolepo ndalama. Omuikira kumbuyo ankati anagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza, anathandiza kutenga Champions League mu 2019 ndi ligi mu 2020 ndi 2025, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse. Zonse ziwirizi n'zomveka.

Makontirakiti ena amakhala ndi mtengo wolembedweratu, woti wina akaupereka timu singakane. Umu ndi momwe Paris Saint-Germain inatengera Neymar ku Barcelona mu 2017, pa mayuro 222 miliyoni. Palinso kubwereketsa, kuja timati wosewera wapita pangongole: amakasewera kwina kwa kanthawi koma kontirakiti yake ikadali kwawo.

Komabe nkhani sithera pa ndalama. Luis Figo atachoka ku Barcelona kupita ku Real Madrid mu 2000, Barcelona inalandira ndalama zimene pa nthawiyo zinaposa za wosewera wina aliyense padziko lapansi. Izi sizinaziziritse mitima. Atabwera kudzasewera ku Camp Nou mu 2002, anamugenda ndi mutu wa nkhumba. Sol Campbell, amene anali kaputeni wa Tottenham, anapita ku Arsenal mu 2001 kontirakiti itatha, ndipo masapota a Tottenham sanaiwale mpaka pano. Zikuoneka kuti sapota amakhululuka ukachoka, koma sakhululuka msanga ukapita kwa mdani. Gabadinho Mhango anachoka ku Bullets kupita ku South Africa mu 2013, ndipo atagoletsa chigoli chija chapatali pokumana ndi Morocco mu Januwale 2022, Maule, Manoma ndi a Silver onse anadumpha limodzi. Koma wosewera akangowoloka mkati mwa Blantyre momwemo, kuvula jezi yofiira n'kuvala yabuluu, ulendo wa minibasi imodzi, nkhani yake imakambidwa chaka chathunthu.

Wosewera naye ali ndi mbali yake, ndipo pa benchi la vidiyo sho sitikonda kuimva. Ntchito yake ndi yaifupi. Ambiri akamafika zaka 35 miyendo imakhala itatha, ndipo bondo likhoza kuthyoka Loweruka lililonse. Kumapeto kwa sizoni matimu amatulutsa mayina a osewera amene sakufunikanso, ndipo kawirikawiri palibe amene amakuwiza timu chifukwa chotaya munthu amene waitumikira zaka zambiri. Messi analira pamaso pa atolankhani mu Ogasiti 2021 pochoka ku Barcelona. Iye ankafuna kutsala, koma timuyo inali pamavuto azachuma ndipo malamulo a ligi sanalole kuti imulembetse. Kuno kwathu, kumene wosewera amakhala akudyetsa makolo ndi kulipirira azing'ono ake sukulu, ndalama yosainira ikhoza kukhala mwayi wokhawo wogulira poloti. Anthu onga Francesco Totti, amene anasewera Roma yokha kuyambira 1993 mpaka 2017, timawatchula pafupipafupi chifukwa ndi osowa.

Nanga amene analera mwanayo?

Funso ili likukhudza matimu a m'midzi ya Thyolo ndi Mulanje kuposa momwe timaganizira. FIFA ili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi chipepeso cha kuphunzitsa, chimene timu yakunja imalipira matimu amene anaphunzitsa mnyamata kuyambira ali ndi zaka 12, akamasaina kontirakiti yake yoyamba kapena akamasamuka asanapitirire zaka 23. Yachiwiri ndi yoti wosewera akagulidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontirakiti isanathe, 5 pa 100 iliyonse ya mtengowo imagawidwa kwa matimu amene anamulera pakati pa zaka 12 ndi 23.

Vuto ndi umboni. Ndalamazi zimatsata mayina olembetsedwa. Timu ya pamudzi imene sinalowe mu ligi yodziwika ndi FAM, kapena sinalembetse ana ake, ilibe pogwira. Mphunzitsi wa kupulaimale amene ankagula mpira ndi ndalama ya m'thumba mwake amangomva pa wailesi kuti mwana uja wasaina kunja. Ichi chimandipweteka kuposa nkhani ya Trent, chifukwa pepala limodzi lokha likanasintha zinthu.

Kochi, mkamwini wa timu

Kumwera kuno moyo wa mkamwini timaudziwa. Amabwera pamudzi wa eni, amalima, amamanga nyumba, ndipo nkhokwe ikadzaza amatamandidwa. Zikavuta amauzidwa kuti atenge katundu wake azipita, ana ndi munda zimatsala. Kochi amakhala moyo womwewo.

Ku England kale kunali manijala, munthu mmodzi wolamulira pafupifupi zonse: kusankha osewera, kugula, kugulitsa, kuyang'anira achisodzera. Alex Ferguson anakhala motero ku Manchester United kuyambira Novembala 1986 mpaka 2013, ndipo Arsène Wenger ku Arsenal kuyambira 1996 mpaka 2018. Masiku ano matimu ambiri anagawa ntchitoyo. Kochi amaphunzitsa ndi kusankha osewera 11, pomwe ogula ndi kugulitsa ndi anthu ena a mu ofesi. Izi n'zofunika kuzidziwa tisanafuule kuti kochi achoke, chifukwa nthawi zina amene analakwitsa pogula osewera sakhala pa benchi pamene kamera imaloza.

N'chifukwa chiyani iye ndi amene amayamba kuchotsedwa? Timu singachotse osewera 25 pakati pa sizoni, msika uli wotseka ndipo onse ali ndi makontirakiti. Akuluakulu a timu sangadzichotse okha. Wotsala ndi kochi. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pa nkhani ya kudekha, masapota agawikana pawiri ndipo mbali iliyonse ili ndi umboni wake. Okonda kudekha amatchula Ferguson, amene chikho chake choyamba ku United chinabwera mu 1990 ndipo ligi yoyamba mu 1993, koma anadzatenga ligi ka 13. Amatchulanso Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, amene anakhazikika ku Bullets n'kutenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 anakolola zikho zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Okonda kusintha amaloza Chelsea ya nthawi ya Roman Abramovich, imene inkachotsa makochi pafupipafupi koma inatenga Champions League kawiri, mu 2012 ndi Roberto Di Matteo ndi mu 2021 ndi Thomas Tuchel, onse awiri atalowa ntchito pakati pa sizoni. Amakumbutsanso kuti zaka zomaliza za Wenger masapota a Arsenal okhaokha ankakangana, ena atanyamula zikwangwani zoti achoke.

Pali chinthu chimodzi chimene chimanyenga maso. Timu ikasintha kochi, nthawi zambiri imawina masewero angapo otsatira, anthu n'kumati mwaona, vuto linali uja. Mwina ndi zoona. Koma kochi amachotsedwa timu ili pansi penipeni, ndipo timu ya osewera abwino ikafika pansi imadzuka ndithu, kaya kochi wasintha kaya sanasinthe. Chiperoni chimatha chokha pakapita masiku. Amene wafika m'mawa umene dzuwa latuluka ndiye amatamandidwa kuti wabweretsa kuwala.

Zakale sizimuteteza kochi. Claudio Ranieri anatenga ligi ya England ndi Leicester mu 2016, zimene palibe ankayembekezera, ndipo mu Febuluwale 2017 anachotsedwa. Kinnah Phiri anatengera Flames ku Angola mu 2010, kumene inakwapula Algeria 3-0, koma mu 2013 ntchito inatha. Ndiye kochi akadziwa kuti akhoza kupitikitsidwa tsiku lililonse, kodi iye ali ndi ngongole yanji kwa timu? Taganizani za Peter Mponda, kaputeni wa Flames ku Angola komanso mwana wa Bullets. Anapita kukaphunzitsa Silver Strikers n'kutenga ligi mu 2024, kudula ulamuliro wa Maule wa sizoni zisanu. Kumayambiriro kwa 2025, Pasuwa atapita ku Flames, Mponda anabwerera ku Bullets. Kwa Maule, mwana anabwerera kwawo. Kwa sapota wa Silver, munthu anasiya timu imene inamupatsa mpata. Ulendo ndi umodzi, koma dzina lake limasintha malinga ndi jezi ya woutchula.

Timu ndi ya ndani?

Pamudzi bungwe likakumba mjigo, mjigowo ndi wa ndani? Wa amene anapereka ndalama, wa komiti imene imasunga loko, kapena wa amayi amene amatunga madzi m'mawa uliwonse? Timu ya mpira ili ndi funso lomweli.

Pali matimu a mamembala. Barcelona ndi Real Madrid ndi za anthu olembetsa amene amalipira chaka ndi chaka n'kumavotera pulezidenti. Ku Germany kuli lamulo lotchedwa 50+1, loti mamembala azikhala ndi mavoti oposa theka, kupatula matimu ochepa. Pali matimu a eni ake, amene amagulidwa ngati kampani ina iliyonse: Abramovich anagula Chelsea mu 2003, banja la Glazer linagula Manchester United mu 2005. Palinso matimu a mabungwe, monga a banki, apolisi ndi asilikali kuno kwathu.

Bullets ndi Wanderers kwa zaka zambiri zinkayendetsedwa ndi makomiti osankhidwa, masapota ali ndi mawu amphamvu, ndalama zikuchokera kwa kampani kapena munthu wothandiza. Dongosolo limeneli linali ndi kukoma kwake ndi kuwawa kwake. Bakili Muluzi atayamba kuthandiza Bullets, timuyo inafika m'magulu a CAF Champions League mu 2004. Thandizolo litatha, inalowa m'mavuto azachuma. Pambuyo pake Nyasa Manufacturing Company, imene inayamba ngati wothandiza, inatenga umwini wa Bullets, ndipo Wanderers nayo inalembetsedwa ngati kampani motsogozedwa ndi Thomson Mpinganjira. Okondwa ndi kusinthaku amati osewera amalandira malipiro mwadongosolo ndipo kochi sachotsedwa ndi gulu la pageti. Odandaula amati timu imene ankaitcha ya anthu tsopano anthuwo amangouzidwa zimene zagamulidwa.

Ku England masapota aonetsapo kuti ngakhale alibe pepala, ali ndi mphamvu. Akuluakulu a Wimbledon atavomerezedwa kusamutsira timu ku Milton Keynes, masapota anayambitsa yawo mu 2002, AFC Wimbledon, kuyambira pansi penipeni, ndipo mu 2011 inafika m'maligi akuluakulu anayi a dzikolo. Mu Epulo 2021 matimu 12 olemera, 6 mwa iwo a ku England, analengeza ligi yawoyawo ya ku Ulaya imene iwo sakanatulukamo ngakhale ataluza chotani. Masapota a matimu omwewo anakhamukira kumabwalo kukachita zionetsero, ndipo pasanathe masiku atatu matimu onse a ku England anali atabwerera m'mbuyo. Pamenepo kukhulupirika ku timu kunatanthauza kutsutsana ndi eni timu.

Zimene sizinayankhidwe

Malamulo a kontirakiti akadagwedezekabe. Mu Okutobala 2024 khoti lija linagamula mlandu wa Bosman linagamulanso, pa mlandu wa Lassana Diarra wa ku France, kuti malamulo ena a FIFA okhudza wosewera wothetsa kontirakiti nthawi isanakwane akutsutsana ndi malamulo a European Union. Ngati kuchoka kutaphweka kuposa lero, matimu ang'onoang'ono amene amadalira kugulitsa osewera adzapulumuka bwanji? Ndipo ngati kutakhalabe kovuta, wosewera amene timu yake sikumulipira adzathawira kuti?

Za makochi nazo palibe amene wapeza muyeso. Masewero angati ndi okwanira kuweruza munthu? Ngati timu ili ndi ufulu wochotsa kochi pakati pa sizoni, kodi kochi ali ndi ufulu womwewo wosiya timu akaitanidwa kwina? Ku matimu athu amene asanduka makampani, kodi masapota ayenera kukhala ndi mpando mu bodi, ndipo woimira Maule a ku Muloza kapena Manoma a ku Thekerani angasankhidwe ndi ndani?

Palinso m'badwo umene ukubwera. Temwa Chawinga atagoletsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, anthu amene sanamvepo za Kansas City anayamba kufunsa zotsatira za timu yake, ndipo mkulu wake Tabitha akasamuka, kaya ku Milan, ku Paris kapena ku Lyon, maso athu amasamuka naye. Mwana amene akukula lero pa Chonde amaonera zigoli pa foni, zodulidwa m'timavidiyo ta mphindi imodzi, ndipo amadziwa mayina a osewera asanadziwe mayina a matimu awo. Kodi iye akadzafika msinkhu wa bambo aja a jezi yofwifwa adzakhala ndi timu imodzi yoti aikwiyire wina akaisiya? Ndipo timu ya ku Mulanje kapena ku Thyolo ikadzakhazikika mu ligi yaikulu kwa zaka khumi, mwanayo adzavala jezi ya kwawo kapena ya malume ake?